Nthungululu Zimene Zinameza Theka la Chiganizo

M'dziko lina limene mapu ake amajambulidwa ndi anthu oti sanapondemo, kumapeto kwa msewu wa phula umene unalonjezedwa, kunali mudzi wa madzi amchere.

Sitikunena kamchere kongolawitsa ayi. Anali madzi oti sopo akagweramo amaiwala ntchito yake, nyemba zimakhala pamoto kuyambira m'mawa n'kuphulidwa zikadali ndi mwano, ndipo tiyi wake, ngakhale muthiremo shuga wapaukwati, ankakoma ngati msuzi wa usipa. Mlendo akapempha madzi akumwa ankamwa kamodzi, n'kuthokoza kwambiri, osadzabweranso.

Madziwa ankatuluka pa mjigo umodzi, ndipo mjigowo unali ndi komiti, pakuti m'dziko limenelo chinthu chikhoza kusowa ntchito koma sichingasowe komiti. Mutu wa komitiyo anali bambo Binwelo Thombozi, amene pamisonkhano ankatchulidwa kuti Wapampando Wamuyaya wa Mjigo, Msungi wa Sipanala ndi Mkulu Woona za Girisi. Maudindo onsewa anadzipatsa okha. Palibe anatsutsa, chifukwa sipanalayo inali yawodi.

A Thombozi anali ndi luso limodzi limene ankalinyadira kuposa ana awo obereka: kulandira alendo a chitukuko. Ankati chitukuko n'chamanyazi, chimafunika kuchisangalalira chisanayambe n'kulankhula komwe. Choncho anaphunzitsa amayi a m'mudzimo kuti pamsonkhano asamavutike n'kumvetsera mlendo, azingoyang'ana chipewa cha wapampando. Chipewa chikakwera, nthungululu. Chikatsika, chete. Alendo ankachoka akunena kuti sanaonepo anthu omva zinthu msanga chotero.

Pagulu a Thombozi ankati madzi a mjigo wawo ndi opatsa mphamvu. Kunyumba sankawalawa n'komwe. Akazi awo, aNangozo, amene anawatenga chitengwa kumudzi wa tsidya la dambo, ankalawirira tsiku ndi tsiku ndi ndowa kukatunga pa kachitsime ka kwawo, kamene kankatuluka madzi abwino koma mwaumbombo. Anayamba ulendowu ali mtsikana, anaupitiriza ali ndi mwana wawo Lekeleni kumbuyo, ndipo tsopano Lekeleniyo anali pabanja kutauni, ndowa ikadali pamutu pa mayi ake.

Tsiku lina aNangozo anatula ndowa pakhonde, n'kukhala pansi osachotsa nkhata kumutu.

"Bambo a Lekeleni, khosi langa latha," anatero. "Chilimwe chino chikatha madzi a kuno akadali omwewa, ndidzapita kukatunga kwathu osabwerako."

A Thombozi anaseka, monga amasekera mwamuna amene wachita mantha. Ndipo mantha anachitadi, chifukwa akazi awowo ankawakonda ndi mtima wonse, ndiponso ankadziwa kuti aNangozo sanena chinthu kawiri. Chiyembekezo chawo chinali pa bungwe lina limene linabwera kalekale ndi zoyezera, n'kupeza kuti kumalire kwa mudzi, pafupi ndi chulu chachikulu, pansi pali madzi okoma. Bungwelo linati galimoto yokumba mjigo ifika posachedwapa. Posachedwapa ameneyo anali atamera ndevu, ndevuzo n'kuchita imvi, galimoto osaoneka.

M'malo mwake kunafika galimoto ina yoyera, ya kampani ina, ndipo munatsika injiniya, mayi Sambakunsi. Mayiwa anatunga madzi a pamjigo m'timabotolo, anapita nawo, ndipo atabweranso anali akumwetulira. Chiyambire mudziwo, palibe munthu anayang'anapo madzi amenewo n'kumwetulira, choncho a Thombozi anaitanitsa msonkhano nthawi yomweyo.

Mudzi wonse unakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo, amayi maso ali pachipewa. Mayi Sambakunsi anayamba kufotokoza m'Chichewa chomveka bwino, chopanda chinyengo chilichonse.

"M'madzi anuwa muli chinthu chotchedwa lithiyamu, chimene amapangira mabatire a mafoni ndi a galimoto zoyendera magetsi. Kwina amagumula mapiri kuti amupeze. Kwina amathira madzi m'maiwe akuluakulu n'kudikira kuti dzuwa liwaumitse, madzi onse n'kutha. Ife sititero. Madzi tiziwapopa, azidutsa m'bokosi la zitsulo zokhala ndi magetsi, monga mumachezera chidulo muja, kenako tiziwabwezera pansi pomwe tawatenga. M'bokosimo tizichotsa mchere..."

Abale inu, munthu amene akazi ake ali pafupi kumuthawa chifukwa cha mchere, n'kumva mawu amenewo, mungamuimbe mlandu? Chipewa chinakwera chokha. Nthungululu zinang'amba mlengalenga, ng'oma zinalowerera, kwaya ya amayi inayambitsa nyimbo yothokoza, agalu nawo anathirirapo ndemanga. Milomo ya mayi Sambakunsi inkayendabe. Anayesa kukweza dzanja kuti amalize, anthu n'kuganiza kuti akuvina, ndipo amayi awiri anawakoka kuwalowetsa m'bwalo. Madzulo ake mayiwa anauza mabwana awo kuti mudzi wavomera ndi chimwemwe, ndipo wamvetsa sayansi yonse chiganizo chisanathe.

Kunyumba, aNangozo anadikira kuti amuna awo amwe kaye madzi a tsidya la dambo.

"Mayi aja anamaliza kulankhula?"

"Zofunika anamaliza."

"Ine ndinaona milomo ikuyendabe."

"Anthu ophunzira amatero, Nangozo. Chiganizo chawo chimakhala ndi mchira wongokongoletsera. Tamverani. Inu mukamacheza chidulo, ukali wonse umatsikira m'mbale, si choncho? Chotsala n'chiyani? Phulusa lozizira. Ndiye magetsi akacheza madzi athu, mchere upita m'mabatire, ife titsala ndi madzi ozuna. Nkhani yake ndi yomweyo."

"Bwanji mawa mukawafunse za mchirawo?"

"Wapampando akafunse? Anthu ati sindinamve."

"Safunsa anadya phula," anatero aNangozo motsitsa mawu. Komabe nawonso anali munthu, ndipo khosi lotopa limakhulupirira msanga. Anavomera kudikira mpaka tsiku lotsegulira makina.

Kuyambira pamenepo mudzi unasintha mayendedwe. Anthu amene kale ankabisa kwawo akakwera minibasi anayamba kudzitchula okha asanafunsidwe. Achinyamata ankati popeza akhala akumwa lithiyamu chibadwire, iwo ndi anthu a chaji, satha moto ngati a midzi ina. Mayi wina anaviika mabatire akufa a wailesi mumtsuko wa madzi a pamjigo, ndipo wailesiyo itakana kulankhula, anthu anagwirizana kuti vuto ndi wailesi. Mwana amene anabadwa nyengo imeneyo anamutcha Lithiyamu, ndipo azakhali ake anadandaula kuti sanabadwe mapasa, winayo akanakhala Batire. A Thombozi anawonjezera pa maudindo awo aja lina lakuti Kazembe wa Lithiyamu M'chigawo Chino ndi Madera Ozungulira.

Kampani inamanga mpanda, inayala masola bwalo lonse, inalumikiza mapaipi. Antchito ake ankamwa madzi obwera nawo pathanki kuchokera kutali, ndipo anakonza pokhazikapo thankiyo ndi simenti yolimba, ngati anthu odziwa kuti adzaifuna zaka zambiri. Mudzi wonse unaona zimenezi, n'kuyamikira kuti anthuwa amamanga bwino.

Ndiyeno m'mawa wina, aNangozo atapita kale kotunga, fumbi lalikulu linaoneka kumsewu. Inali galimoto yokumba mjigo ija. Inde, yomwe ija. Inalowa m'mudzi ikubuula ndi zitsulo zake zazitali, n'kuima pafupi ndi chulu, ndipo munatsika kapitawo wake, bambo Kachigamba, munthu wotopa ndi misewu.

"Wapampando ndi inu? Tabwera kudzakumba mjigo wanu uja."

A Thombozi anaiyang'ana galimotoyo kuyambira kumatayala mpaka kunsonga. Mtima wina unawauza kuti aisiye ikumbe, madzi sachuluka. Koma anthu anali atasonkhana, ndipo Kazembe wa Lithiyamu sangaoneke akusangalalira chitsulo chobowola nthaka pamene kuseri kwake kuli masola.

"Mwachedwa, achimwene," anatero. "Kuno zokumbakumba tinazisiya. Madzi athu akuchezedwa ndi magetsi."

"Bambo, ganizani bwino. Galimoto iyi ikatuluka m'mudzi muno sidzabweranso. Midzi yodikira ndi yambiri."

"Ndiye ipatseni midzi yovutikayo." Apa a Thombozi anapeza nzeru imene inawakomera kwambiri. Analoza tsidya la dambo. "Uko n'kuchikazi kwanga. Akuzunzika ndi kachitsime kongodontha. Kakumbeni kumeneko, ndipo mukawauze kuti ndi mphatso yochokera kwa mkamwini wawo."

Bambo Kachigamba anaimba foni kwa mabwana awo, anapukusa mutu, n'kukwera. Chipewa chinakwera, ndipo amayi a m'mudzi wa madzi amchere anaiimbira nthungululu galimoto ya madzi okoma ikuwachokera. Ena ankaimba misozi ili m'maso, koma chipewa n'chipewa.

ANangozo anakumana nayo pakati pa dambo, ndowa ili pamutu. Inawathira fumbi, m'madzi momwe. Atafika kunyumba anaima pakhomo osatula.

"Mwaibweza?"

"Sindinaibweze. Ndaitumiza."

ANangozo anasefa madzi afumbiwo ndi kansalu koyera, n'kuwapatsa amuna awo kuti amwe.

Tsiku lotsegulira makina linafika chilimwe chili kumapeto. Kunabwera matenti, zokuzira mawu, ojambula, ndi mlendo wolemekezeka, Wachiwiri kwa Wothandizira Mlangizi Wamkulu Woona za Chuma cha Pansi pa Nthaka. A Thombozi anakonzera akazi awo mpando kutsogolo. M'mawa umenewo, koyamba chikwatiwire, aNangozo sanawoloke dambo. Anavala chitenje chatsopano, n'kubwera ndi ndowa yopanda kanthu, yotsukidwa mpaka kuwala, naiika pansi pa mpando. A Thombozi ataiona ndowayo mtima wawo unadzaza, ndipo anadziuza kuti lero mkazi uyu adziwa kuti sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Mlendo wolemekezeka anadina batani, makina anayamba kulira pansipansi. Mayi Sambakunsi anaonetsa alendo mmene zitsulo za m'bokosi zimagwirira lithiyamu magetsi akamayenda mbali ina, ndi mmene zimamutulira m'thanki yapadera magetsiwo akatembenuzidwa. Kenako anafika pa paipi yobweza madzi pansi, pomwe panali kampopi koyezera. A Thombozi anapempha kuti, monga mwini mjigo, alawe ndiwo oyamba. Mayi Sambakunsi anadabwa pang'ono, koma anaganiza kuti ndi mwambo wa kumeneko, ndipo anawatungira m'kapu.

A Thombozi analandira kapuyo ndi manja awiri, mwaulemu, n'kutembenukira ojambula. Anamwa kwambiri, kumwa kwa munthu wotsimikiza.

Unali mchere womwe uja. Osachepa, osawonjezeka. Mchere umene anabadwa nawo, umene unakalambitsa khosi la akazi awo, unawalonjera pakhosi ngati mbale wawo. Kulavula sakanatha, makamera anali pamphuno. Anameza.

"Mwawamva bwanji, bambo wapampando?" anafunsa mayi Sambakunsi, n'kuwayandikizira chokuzira mawu.

"Ali... ali monga analili."

Nkhope ya injiniya inawala ndi chimwemwe chenicheni.

"Mwamva nokha umboni wa mwini mudzi," anauza khamulo. "Izi n'zimene tinalonjeza tsiku loyamba. Makina athu amachotsa mchere..."

Amayi onse anatembenukira kuchipewa. Koma manja onse awiri a wapampando anali pakapu, ndipo chipewa chinakhala phee pamutu. Motero, koyamba m'mbiri ya mudziwo, mlendo anafika kumapeto kwa chiganizo chake.

"...wa lithiyamu wokha. Ndi kachigawo kakang'ono kwambiri, koti lilime silingakamve. Mchere wina wonse, umene mumaumva mukamamwa, timaubwezera pansi osaukhudza n'komwe. Makina ena amasokoneza madzi a anthu. Athuwa amasankha."

Alendo a m'tenti anawomba m'manja. Eni mudzi anangokhala duu, mpaka mwana Lithiyamu anamveka akuyamwa.

Mlendo wolemekezeka anaimirira n'kukonza tayi. Anati chimene anthu akuonachi ndicho chitukuko chokhazikika. Anafotokoza kuti kukhazikika kwake n'kwakuti madzi a mudziwu adzakhala chimodzimodzi mpaka zidzukulu za zidzukulu, osasintha ngakhale dontho. Ndipo pofuna kuteteza chuma chimenechi, kuyambira tsiku limenelo kunali koletsedwa kukumba mjigo kapena chitsime m'dera lonselo, kuopa kuti madzi okoma angalowerere n'kusukulutsa madzi amtengo wapatali. Anayamikira mwapadera wapampando, amene anamva kuti anathamangitsa yekha galimoto yofuna kuwononga chilengedwe, lamulo lisanakhazikitsidwe n'komwe. Anati dziko likusowa atsogoleri oona patali chotero, ndipo anawaveka a Thombozi udindo wa Mtetezi Wamkulu wa Madzi Amchere, pamodzi ndi tisheti.

Alendo atapita kukadya, a Thombozi anachita chinthu chimene sanachitepo chikhalire pampando. Anafunsa funso.

"Mayi, bwanji simunatiuze?"

"Ndinakuuzani, bambo, pansi pa mango paja. Munandiimbira nthungululu." Mayi Sambakunsi anawayang'ana bwinobwino, ndipo kumwetulira kuja kunazima. Anamva chisoni ndithu. "Kodi inu mumaganiza kuti madzi akhala akumwa?"

"Nanga simungachotse mchere wonse, poti makina mwabwera nawo kale?"

"Amenewo ndi makina ena, bambo, ndipo si amene ndinatumidwa nawo. Lithiyamu ali ndi omufuna kunja. Mchere wanuwu palibe waufunsapo."

A Thombozi anatembenuka kuti ayang'ane kutsogolo kwa tenti. Mpando uja unali wopanda munthu, ndipo pansi pake panalibe ndowa.

Poyamba anauza anthu kuti aNangozo apita kukaona odwala. Anayesa kumwa madzi opatsa mphamvu aja, mimba inawatsutsa. Anayesa kuphika nyemba, nyemba zinawatsutsa. Koma chimene chinkawapweteka koposa si ludzu ayi. Nyumba inali zii. Panalibe wowatsutsa ndi mawu otsika, panalibe kulira kwa ndowa ikutulidwa pakhonde, ndipo munthu wamkuluyo, wa maudindo osakwana mpweya umodzi, ankakhala pamkeka n'kumalankhula ndi sipanala. Anawasowa akazi awo kwambiri, ndipo manyazi atachepa kuposa kusowako, anamangirira chigubu panjinga n'kuwoloka dambo.

Mjigo watsopano anaumva asanauone: kuseka kwa amayi, ndi chitsulo chikukwera n'kutsika mosalira dzimbiri. Pochapira zovala panali thovu la sopo loyera mbuu, lochuluka mpaka kusefukira m'ngalande. A Thombozi anaima n'kuliyang'ana thovulo nthawi yaitali.

Anthu a kuchikazi anawalandira ndi ulemu wopweteka. "Afika amkamwini athu opatsa aja," ankauzana. "Munthu wodzimana uyu. Ena amapereka nkhuku kwa apongozi, awa anapereka mjigo wathunthu." Wina anawauza kuti mudzi utakhala pansi kusankha komiti, unaona kuti mjigowu unabwera kudzera m'banja la aNangozo, choncho mpando unayenera kukhala wawo. Ndipo analidi pomwepo aNangozo, atakhala pachitsa pamthunzi, khosi lili chilili, kumutu kulibe nkhata, akuuza atsikana kuti asamenyetse chogwirira pansi.

A Thombozi anakhala pamzere, kumbuyo kwa ana. Nthawi yawo itakwana, aNangozo ananyamuka, anatenga chigubu m'manja mwawo, anachitsukuluza, n'kuyamba kupopa okha.

"Mwaonda, bambo a Lekeleni."

"Nangozo, ndinalakwa. Tiyeni kunyumba. Nyumba ija popanda inu si nyumba."

"Madzi asintha?"

"Ayi."

"Asintha liti?"

A Thombozi anayang'ana pansi. Kunama sakanatha, mudzi wonse unali pamsonkhano paja.

"Akuti sadzasintha. Akuti ndi chitukuko chokhazikika."

ANangozo anatseka chigubu, anachikweza panjinga, n'kuchimanga ndi mphira mosamala, kukoka kawiri kuti chisakagwe pakati pa dambo. Anawakonzeranso amuna awo kolala ya tisheti ya Mtetezi Wamkulu imene inali itapindika.

"Ndiye muzikwera bwino njingayi, njira ndi yaitali," anatero. "Nanenso ndakhazikika."